Ndinkawomba Nditatsinzina

Tiyamike, Madalitso ndi iwe Chisomo, mutu uno ndi wa zaka zimene ndinali mlenje pa famu ya nyama zakutchire. Anzanu a kuno ku Kawale ankakupatsani ulemu chifukwa bambo anu ankagwira mfuti, ndipo ine sindinakuuzenipo kuti mfutiyo ndinkaigwira motani. Mayi anu akuidziwa nkhani yonse. Ndi iwo andiuza kuti ngati ndikulemba, ndisadumphe kanthu.

Chaka chimene ndinakwatira

Ndinayamba ntchitoyi ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, nditatopa ndi ulonda wa pa nyumba yosungiramo fodya. Famuyo inali kumadzulo kwa Lilongwe, ulendo wa maola atatu pa lole msewu ukauma. Mwini wake anali munthu wamalonda wa m'tauni muno. Anatchinga ndi waya nkhalango yaikulu n'kumasungamo mbawala, mphoyo, ngoma ndi nguluwe. Nyamazo zikachulukana tinkapha zina mwa chilolezo cha boma, ndipo nyama yake inkapita kumahotela. Mayi anu anatsala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika wa Kawale, ine ndinkabwera mwezi ukatha.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Dzimbiri, mlenje wamkulu, munthu wosalankhulalankhula amene anakhalako msilikali. Pa famu yonse mfuti inali imodzi, 375. Imeneyi ndi mfuti ya njati ndi njovu. Abwana anaigula nthawi imene ankalota zobweretsa njati, koma njatizo sizinabwere, mfuti n'kutsala. Muyenera kudziwa kuti mfuti iliyonse ikawomba imabwerera m'mbuyo n'kumenya phewa la woigwira. Ife tinkati ikukankha. Yathuyo inkakankha mopitirira, chifukwa munthu wina wamfupi anaidula tako ndi sowo kuti imukwane, ndiye inapepuka, ndipo labala wa kutakoko anali atauma ngati njerwa.

Tsiku loyamba a Dzimbiri anakhoma chivundikiro cha ndowa pa mtengo wa msuku n'kundipatsa zipolopolo zitatu. Anati, "Izi ndi zako za maphunziro onse. Zipolopolo za mfuti iyi zimachokera kunja, zikatha timadikira miyezi." Antchito a kukhola ndi a kufensi anasonkhana kudzaonerera. Ndinaika mfuti paphewa mosaikanikiza, ndinakhethemula, ndipo chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinapezeka nditakhala pansi, makutu akulira, m'kamwa muli magazi chifukwa ndinadziluma lilime. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Dzimbiri sanaseke. Anangoti, "Dzuka. Ikanikize. Mwamuna sadandaula mfuti." Chachiwiri ndinaphonya. Chachitatu chinakhudza m'mphepete mwa chivundikiro, iwo n'kunena kuti ndakhoza. Phewa linada bii kwa milungu iwiri. Nditafika kuno mwezi utatha, mayi anu anandithowa ndi madzi otentha, kenako anang'amba kachidutswa ka matiresi akale n'kukasokerera mkati mwa malaya anga a ntchito, paphewa pamanja, kuti anthu asakaone.

Kuchokera tsiku limenelo thupi langa linaphunzira chinthu chimene mutu wanga sunalitume. Chala chikangoyamba kukoka, maso ankatsinzina okha, phewa n'kuthamangira kutsogolo kukachingamira kukankhako, mfuti n'kuweramira pansi chipolopolo chisanatuluke. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri moti woonerera saona, chifukwa phokoso ndi kukankha zimaphimba zonse. Ineyo ndinkadziwa.

Zaka zimene Tiyamike ndi Madalitso anabadwa

Mankhwala a vuto limeneli ndi kuyeserera kambirimbiri ndi mfuti yofatsa, koma ife tinalibe mfuti ina, ndipo chipolopolo chilichonse chinkayenera kubwera ndi nyama. Kunena kuti ndikuopa mfuti kukanandibwezera ku ulonda, mwana ali m'njira. Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinaphunzira kuyandikira nyama. Ndinkavula nsapato, n'kukwawa chamimba molunjika kumene mphepo ikuchokera, nthawi zina ola lathunthu, mpaka mphoyo ili pafupi ngati kuchokera pakhonde pathu kufika pampopi. Pamtunda wotero, ngakhale utatsinzina, chipolopolo chachikulu chija chimapeza pofika. Anthu anayamba kunditama kuti ndine katswiri wozemberera nyama. Alendo a abwana akabwera ankauzidwa za ine. A Dzimbiri atadwala n'kubwerera kwawo ku Dowa, udindo wawo anandipatsa ine. Sindikudziwa ngati mkuluyo anazindikira. Tsiku lotsanzikana anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uziyandikirabe choncho."

Amene ndinkayenda naye m'tchire anali Fostino Matope, wolondola mapazi a nyama. Kwawo kunali ku Mulanje, anabwera ku Lilongwe kudzafuna ntchito n'kukathera ku famu kuja. Tinali amsinkhu umodzi ndipo tinkaitanana kuti achimwene. Matope ankatha kuyang'ana udzu wopindika n'kukuuza kuti yadutsa ndi mbawala yaimuna, yokalamba, ndipo sinathamange. Ankaimba nyimbo za kwaya poyenda, koma tikayandikira nyama ankakhala chete ngati mwala, ataima kumbuyo kwa phewa langa lamanzere. Zaka zisanu ndi ziwiri anaima pamenepo.

Chaka chimene Chisomo anabadwa, mwezi wa Okutobala

Hotela ina inaitanitsa mbawala ziwiri za phwando la ukwati, ndipo lole inayenera kunyamuka pofika masana kuti nyama isaonongeke ndi kutentha. Yoyamba tinaipeza m'mawa. Yachiwiri inativuta, chifukwa udzu unali utapsa ndipo panalibe pobisala. Cha m'ma leveni koloko tinaona yaimuna itaima tsidya lina la dambo, patali kuposa pamene ndinazolowera katatu. Matope ananong'ona kuti, "Achimwene, siyandikirika iyi. Pena tiisiye." Ine ndinaganiza za lole ndi manijala amene ankadikira pageti. Ndinagwada, ndinaloza pachifuwa, ndinawomba. Nditatsegula maso mbawala inali ikulowa m'zitsamba za m'mphepete mwa mtsinje itapinda msana. Pamene inaima tinapeza magazi osakanikirana ndi zam'mimba zobiriwira. Chipolopolo chinapita pansi ndi m'mbuyo, n'kuboola mimba.

Mlenje aliyense amadziwa kuti mbawala yaimuna yovulala siilondoledwa nthawi yomweyo. Ndi kanyama kochepa thupi koma nyanga zake ndi zakuthwa, ndipo imabisala n'kudikira. Umayenera kuipatsa nthawi kuti ifooke. Matope anati, "Tidikire kaye pang'ono, ilefuke." Ine ndinati, "Nthawi palibe. Tsogolani, ndili pambuyo panu." Anandiyang'ana, kenako anawerama n'kulowa. Sitinayende mapazi makumi atatu. Inatulukira kumanja, pansipansi, n'kumubaya pantchafu, nyanga imodzi kulowa mpaka kufupa. Ndinaimaliza mfuti itagunda pakhosi pake. Ndinamanga ntchafu ya Matope ndi lamba wanga n'kumubereka mpaka kumsewu. Lole ija inanyamula iye pamodzi ndi mbawala ziwirizo.

Manijala wa nthawiyo anafuna lipoti tsiku lomwelo. Ndikulemba pano zimene ndinalemba pamenepo. Ndinati mfuti ndi yakale ndipo siikulozanso bwino. Ndinatinso Matope analowa m'zitsamba mwa yekha, osadikira kuti ndimuuze. Ndinasaina dzina langa pansi. Matope anakhala m'chipatala miyezi iwiri, mwendo unapola koma unauma, ndipo atatuluka anapeza kalata yomuchotsa ntchito chifukwa chosatsata malamulo a chitetezo. Sanatsutse. Mawu a wolondola mapazi sakanapambana a mlenje wamkulu. Anapita kukakhala kwa mlongo wake ku Chinsapo. Ine sindinapite kukamuona, ngakhale kuti kuchokera kuno ndi maminibasi awiri okha.

Zaka ziwiri zitapita, nyengo ya dzinja

Abwana atakalamba, famu inatengedwa ndi mwana wawo wamkazi, Mayi Kaliwo. Anali munthu wophunzira za ziweto, wowerenga pepala lililonse, ndipo manijala uja anamuchotsa m'mwezi woyamba. Tsiku lina anandiitanira ku ofesi, lipoti langa lija lili patebulo. Anati, "Bambo Nkhwazi, apa munalemba kuti mfuti siiloza bwino, koma zaka ziwiri mukugwiritsabe ntchito yomweyo. Sindikufuna ngozi ina. Tigula yatsopano, ndipo musankha ndinu. Ndikufunanso kulemba mlenje wachiwiri kuti mumuphunzitse. Wogulitsa akuti ali ndi 375 yatsopano, yopepuka bwino kuyenda nayo. Sabata yamawa tikaione."

Ndinatuluka mu ofesimo ndikulingalira. Ndikanangovomera, palibe akanadziwa kanthu. Ndikanapitiriza kukwawa mpaka kupuma ntchito. Koma mfuti yopepuka ya chipolopolo chomwecho imakankha kuposa yakale ija, ndipo ndinkayenera kuiika paphewa pa munthu wina watsopano, n'kumuuza kuti mwamuna sadandaula. Komanso kuti ndipemphe mfuti yaing'ono, mayiwo akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho chinali ndi mchira wofika ku Chinsapo.

Loweruka ndili kuno ndinawauza mayi anu zonse, za lipoti zomwe. Anali akuchapa matewera a Chisomo. Sanasiye kuchapa. Anati, "Za kutsinzinazo ndinkadziwa. Inu chitseko chikangomenyetseka mumaphethira ngati mwana. Koma za a Matopezi mwandichititsa manyazi. Ine ndimakumana ndi alongo awo ku Mvano, timapatsana moni." Ndinafunsa kuti nanga akandichotsa ntchito tidzadya chiyani. Anati, "Ndinakwatiwa ndi mlonda, sindinafe. Pitani ku Chinsapo kaye."

Ndinamupeza Matope m'mphepete mwa msewu wopita kumsika, pansi pa kachisakasa ka malata atatu. Anali atayamba kusoka nsapato. Mwendo woumawo anautambasula pa kabenchi, pambali pali ndodo. Atandiona sanadabwe. Anasuntha mulu wa nsapato kuti ndikhale. Tinafunsana za ana. Kenako ndinati, "Achimwene, ndabwera pa nkhani ya lipoti lija." Anapitiriza kubowola sole ndi chisongole chake, n'kunena kuti, "Liti? Lija munati ndinathamanga ndekha?" Ndinati lomwelo. Ndinayamba kufotokoza za mfuti, kuti kuyambira kalekale ndinali ndi vuto, koma anandidula. "Mumatsinzina. Ine ndinkaima kumbuyo kwanu zaka zonse zija, mukuganiza ndinkayang'ana chiyani? Nyama ndinkaisiyira inu, ine ndinkayang'ana nkhope yanu. N'chifukwa chake ndinkakufikitsani pafupi." Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere, ngakhale tsiku limene anamuchotsa. Anati, "Munali ndi khanda. Ndiponso ndinkafuna ndione ngati mudzabwera nokha. Mwachedwa ndithu." Ndinamuuza kuti Lolemba ndikanena zonse kwa bwana watsopano. Iye anangoti, "Kaneneni. Mwendowu sumva, koma kaneneni."

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya Mayi Kaliwo ndisanapite kutchire. Ndinanena zitatu: kuti mfuti ilibe vuto la kuloza, kuti ine ndimatsinzina powomba kuyambira tsiku langa loyamba, ndiponso kuti Matope ndinamutuma ndine atandichenjeza kuti tidikire. Mayiwo anati, "Zachitatuzo ndamva. Koma zachiwirizo zikundivuta. Anthu onse pano amati inu simuphonya." Ndinawauza njira imene a Dzimbiri ankati asilikali amayesera munthu. Wina amatenga mfuti n'kukaikonza kumbali, woyesedwayo osadziwa ngati muli chipolopolo kapena mulibe. Ngati mulibe, palibe phokoso lophimba zimene thupi likuchita.

Tinapita pa mtengo woyeserera. Antchito ataona bwana akutuluka ndi mfuti anasiya zimene ankachita n'kutsatira. Wosunga makiyi a mosungira katundu anatembenuka, anagwiragwira mfuti, n'kundipatsa. Ndinaloza. Ndinadziuza kuti lero lokha ndisatsinzine, mwina ndingadzipulumutse. Ndinakoka. Mfuti inangoti kha, yopanda kanthu, ndipo ine ndinapezeka nditatsinzina, mano nditaluma, mfuti italoza pansi pamaso panga, mwendo umodzi utaponda kutsogolo ngati wina wandikankha kumsana. Panali anthu oposa khumi. Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwa tsiku loyamba lija.

Mayi Kaliwo sanandichotse, koma anandilanda udindo. Anati kwa miyezi isanu ndi umodzi ndiziyendera fensi ndi kusenda zikopa, nyama aziwomba mlenje wobwereka ku famu ina. Anandilembetsa lipoti latsopano pamaso pawo. Kenako anati, "Kusitolo mupitabe. Munthu amene mfuti yamuzunza zaka zonsezi ndi amene akudziwa yoyenera."

Wogulitsa mfuti m'tauni anatulutsa 375 ija n'kundipatsa kuti ndimve kupepuka kwake. Ndinaibweza. Ndinamuuza kuti nyama yathu yaikulu ndi ngoma, ndipo ngoma siifuna chipolopolo cha njovu, imafuna chipolopolo chofika pamalo pake. Ndinapempha 308, mfuti yocheperapo mphamvu. Anabweretsa ziwiri, ina yapulasitiki yopepuka, ina yathabwa yolemera. Ndinasankha yolemerayo, chifukwa kulemera kwa mfuti kumameza gawo la kukankha kusanafike paphewa. Ndinaika tako lake pachigongono kuti ndione ngati chala chikufika bwino pokhethemulira, ndinaikweza paphewa kangapo nditavala malaya a ntchito kuti ndione ngati tsaya likukhala pamalo amodzi, ndipo ndinakanikiza labala wa kutako ndi chala kuti nditsimikize kuti ndi wofewa komanso wotambalala. Ndinapemphanso zotsekera m'makutu, popeza theka la mantha a mfuti limalowera kukhutu. Wogulitsayo anaseka n'kuuza mayiwo kuti, "Madam, alenje enieni amafuna yamphamvu." Iwo anayankha kuti, "Yamphamvu tili nayo kale. Tilembereni iyi." Ubwino wina unali wakuti zipolopolo zake zinkapezeka, moti munthu ankatha kuyeserera.

Mapepala a chilolezo anatenga miyezi itatu. Mfuti itafika ndinkaitenga masana aliwonse nthawi yopuma, yopanda chipolopolo, n'kuika kandalama kachitsulo pamwamba pa mpope wake chakumapeto. Ndikakoka n'kugwedeza, kandalamako kankagwa. Milungu yoyamba kankagwa nthawi zonse. Ndinali munthu wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wotola kandalama m'fumbi kambirimbiri pa tsiku antchito akudutsa. Kenako kanayamba kukhala. Tinayamba kusakaniza, wosunga makiyi uja akundiikira mfuti mobisa, nthawi zina yodzaza, nthawi zina yopanda kanthu. Kutsinzina sikunathe tsiku limodzi. Kunkapita n'kubwerera, makamaka ndikatopa, ndipo kunena zoona sikunatheretu mpaka ndinapuma ntchito. Ndinangophunzira kukuzindikira kukamabwera, n'kutsitsa mfuti.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho

Anandibwezera kutchire kukapha mphoyo imodzi, Mayi Kaliwo ali pambali panga. Inaima padambo, patali pang'ono. Ndinatsamiritsa mfuti pa nthambi, ndinatulutsa mpweya, ndinakoka pang'onopang'ono. Mfuti inandikankha ngati munthu wokugwedeza paphewa kuti udzuke. Ndinaona fumbi likutuluka paubweya kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndinaona maondo ake akupinda, mutu n'kutsatira. Ndinali nditapha nyama zambirimbiri, koma imeneyo inali yoyamba kuiona ikugwa. Zina zonse ndinkazipeza zili kale pansi. Ndinakhala kaye pa chitsa, chifukwa sizinali zosangalatsa kuziona monga ndinkaganizira.

Mwezi utatha ndinapita ku Chinsapo ndi kalata ya Mayi Kaliwo. Inkanena kuti Fostino Matope sanalakwe kanthu pa ngozi ija, kuti kalata yomuchotsa yafafanizidwa, ndiponso kuti ngati akufuna abwerere adzakhale woyang'anira pageti. Anaiwerenga kawiri, akuyendetsa chala pa mzere uliwonse. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya.

"Kugetiko sindipita," anatero. "Makasitomala anga ali kuno. Koma kalatayi ndikawawerengera alongo anga. Amuna awo akhala akunena kuti ndinadzivulaza ndi kupusa."

Ndinamuuza za mphoyo ija, kuti ndinaiona ikugwa. Anagwedeza mutu. Ndinadikira kuti mwina anena mawu okhululuka, ndipo ndinali nditakonzeka kuwapempha. Iye anayang'ana kumapazi anga n'kunena kuti, "Chidendene chanucho chatha mbali imodzi. Vulani."

Ndinavula n'kumupatsa. Ndinakhala pa kabenchi kaja pafupifupi ola, phazi limodzi lili pa katoni, maminibasi akudutsa, iye akudula labala ndi kukhoma misomali. Atamaliza anandiuza mtengo wake, womwe ankauza wina aliyense, ndipo ndinapereka.